Khosi Ili Ndi Langa

Mwezi wa Juni kwathu kuno kumazizira mpaka zala zimakana kumanga chitenje. Ife ogulitsa malonda pa boda ya Mwami timafika m'mamawa titavala majuzi awiriawiri, ena atadzikulunga bulangete mpaka kumutu, n'kukaunjikana pa mbaula ya amene wayamba kukoleza. Chaka chimene ndikunenachi ine ndinkafika nditavala bulauzi yokha, thukuta lili kamukamu kumsana. Anzanga ankandiseka kuti ndameza khala lamoto. Nanenso ndinkaseka nawo, poti sindinkamva kuwawa paliponse.

Ndinali mayi wa ana awiri, wa nyonga zanga. Ndinakwatiwa chitengwa, kumudzi kwa amuna anga, chapatali pang'ono ndi msewu wochokera ku Chipata kupita ku boda. Iwo amalima thonje ndi chimanga. Ine ndinkalima nshawa, zimene ena amati mtedza, n'kumagulitsa ndekha, zaziwisi pa mbale, zokazinga m'timapepala. Ogula ambiri anali madalaivala a malole odikira kuti katundu wawo aonedwe, ndi azimayi a geni odutsa kupita ku Mchinji. Lamlungu ndinkaimba kwaya kutchalitchi kwathu kwa Akatolika, ndipo mawu okwera aja otsogolera nyimbo anali anga.

Pambuyo pa kutenthako panabwera njala. Ndinkadya mbatata kunyumba, koma pofika pa boda m'mimba munali mutayamba kale kulira. Ndinkadya ndi malonda anga omwe. Chodabwitsa n'chakuti m'malo monenepa ndinkangotha. Siketi inayamba kuzungulira yokha m'chiuno. Mphete yaukwati inavuka ndikutsuka mbale, ndinakaitola pamene ndinatayira madzi. Kuchimbudzi ndinkapita kangapo patsiku. Kumwezi ndinkangoona pang'ono, mwezi wina osaona n'komwe. Mtima unkagunda ngati ndathamanga pamene ndangokhala pansi, ndipo tulo tinandithawa. Chimene chinkandinyansa kwambiri ndi manja. Ndikamathira nshawa m'pepala zinkamwazikira pansi, wogula n'kumandiyang'ana m'manja, kenako kumaso.

Ukali nawo unandilowa. Mwana akangogwetsa kapu ndinkakalipa mpaka anansi kutuluka m'nyumba. Tsiku lina amuna anga anangofunsa kumene kunali khasu, ine ndinawayankha mawu amene sindingawalembe pano. Iwo ndi munthu wofatsa. Anangondiyang'ana, n'kukalifuna okha khasulo.

Mayi wogulitsa malonda kwa madalaivala akayamba kuwonda, anthu safunsa zambiri. Ndinayamba kuona kuti pachitsime nkhani zikuduka ndikangofika. Ena amene ankagula nshawa zokazinga anayamba kufuna zosasenda zokha, zimene manja anga sanakhudze mkati. Ku mphakati, msonkhano wathu wa mapemphero wa m'mudzi uja, mayi wina anandipempherera monditchula dzina. Sanapemphe kuti Mulungu andichiritse. Anapempha kuti andikhululukire.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanasinthe, mnzanga wokhala naye moyandikana pa boda, wogulitsa zitumbuwa ndi tiyi. Iye ndi mayi wamasiye, ndipo aliyense ankadziwa kuti amamwa mankhwala a kachilombo, poti sankabisa. Anthu ankagula zitumbuwa zake chifukwa zinali zokoma, koma akangotembenuka ankamunena. Masana tinkadya naye mbale imodzi, ndipo ataona mmene ndinkadyera anayamba kumandikankhira gawo lake.

"Kayezetse, mnzanga," anandiuza tsiku lina. "Ngati ndi kameneka, si imfa. Ukundiona ine."

Tinapita ndi amuna anga ku kiliniki yapafupi. Anatiyeza tonse awiri kachilombo, sanakapeze. Ine anandiyezanso malungo ndi makhololo a chifuwa chachikulu, osapeza kanthu. Anandipatsa mapilitsi owonjezera magazi n'kundiuza kuti ndizidya mokwanira. Ndinatsala pang'ono kuseka, ine amene ndinkamaliza ndi chakudya cha ana chomwe.

Pobwerera amuna anga ankakankha njinga, nkhope ili yowala.

"Amake mwana, lero lomwe ndikawauza alongo anga. Ndipo ku mphakati ndikanena pamaso pa onse, atseke pakamwa."

"Simukanena kwa munthu aliyense," ndinatero.

Anaima. "Chifukwa chiyani?"

"Mukanena kuti chiyani? Kuti mkazi wanga ndi wabwinobwino, sali ngati uja wa zitumbuwa? Ndiye mawa ndikakhale naye pansi n'kudya naye ngati palibe chachitika? Wofuna kudziwa za magazi anga ayambe watiuza za ake."

"Koma anthu akukunenani."

"Anene. Pakamwa ndi pawo."

Anayambanso kukankha njinga. Ndinkadziwa kuti ndawasenzetsa katundu wolemera, chifukwa ponena ine anthu ankanena ndi iwo omwe. Komabe sindinabweze mawu.

Alongo awo aja, alamu anga, ndi aakulu kwa iwo, ndipo ndiwo anawalera makolo atamwalira. Nyumba yawo ili m'mudzi momwemo. Madzulo ena dzuwa lisanalowe anabwera ndi azimayi ena awiri, nandipeza ndikusenda nshawa pakhonde.

"Alamu, tabwera kuti mutiuze zoona. Ku kiliniki anakuuzani chiyani?"

"Anandiuza kuti ndizidya mokwanira."

"Musatiseweretse. Mlongo wangayu ndinamulera ndekha, ndikumufuna wamoyo."

"Magazi anga si a pamsonkhano, alamu. Ngati mwabwera kudzandizonda, mphasa ndi iyo, khalani. Ngati mwabwera kudzandizenga mlandu, njira ndi yomwe mwadzera."

Manja anga ankanjenjemera pa lichero, onse akuona, ndipo sindinawabise. Anachoka osakhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo mbiri inawonjezeka, kuti kuphatikiza pa matendawo ndazunguliranso mutu.

Ndinapirira mpaka Okutobala. Anthu onse ankadandaula kutentha, koma ine ndinkamva ngati andiika mu uvuni wa njerwa. Masana ena ndili pa malonda, mtima unayamba kuthamanga mosiyana ndi masiku onse, kudumphadumpha ngati nkhuku yogwidwa miyendo. Ndinafuna kuimirira kuti ndipume bwino, koma ntchafu zinakana kundinyamula pa kampando. Mnzanga uja anasiya mafuta ali pamoto, anaimitsa takisi, n'kundiperekeza ku chipatala chachikulu m'tauni.

Kumeneko ndinaonana ndi dokotala wina wamkazi, wolankhula pang'onopang'ono. Anayamba wandigwira pamkono nthawi ndithu, akumvetsera kugunda kwa mtsempha. Kenako anandiuza kuti nditambasule manja kutsogolo, naika pepala pamwamba pa zala. Pepalalo linkagwedezeka ngati tsamba pamphepo. Anandipatsa madzi m'kapu kuti ndimeze, iye akundiyang'ana pakhosi, kenako anadzaima kumbuyo kwanga n'kumapapasa ndi zala.

"Mayi, munadziyang'ana liti pagalasi?"

Sindinkakumbuka. Kagalasi ka kunyumba ndinali nditakatembenuzira kukhoma nditayamba kuwonda. Anandipatsa kake ka m'chikwama. Maso anga anali atatuluka, choyera chikuoneka pamwamba ndi pansi pomwe, ngati munthu amene waona njoka. Pansi pa khosi panali potupa, ndipo ndikameza malovu pankakwera n'kutsika.

"Pakhosi apa, kutsogolo kwa kholingo, pali kachiwalo kotchedwa chithokomiro," anatero. "Tonse tili nacho. Chimatulutsa timadzi timene timauza thupi liwiro loti liziyendera. Chanu chikutulutsa mopyola muyeso. Thupi lanu lili ngati njinga yotsika phiri yopanda mabuleki. N'chifukwa chake mukudya osanenepa, mukumva kutentha, mtima sukupuma, ndipo mukupsa mtima msanga."

"Ndinawatenga kwa ndani matenda amenewa?"

"Simunawatenge kwa munthu, ndipo simungapatsire munthu. Ndi thupi lanu lomwe limene likusonkhezera chithokomirocho. Tiyeza magazi kuti titsimikize, koma ndikuona kuti n'zimenezo."

Magazi anatsimikizadi. Anandipatsa mankhwala amitundu iwiri, ena oti mtima udekhe, ena ochepetsa timadzi tija. Za achiwiriwa anandichenjeza atandiyang'ana m'maso.

"Anthu ambiri amamwa popanda vuto. Koma mwa apo ndi apo amatha kupha asilikali a m'magazi. Mukangomva kuwawa pakhosi pomeza, thupi n'kutentha, siyani kumwa ndipo bwerani tsiku lomwelo. Musati ndiyambe ndaona kaye."

Anandiuza kuti ndibwereze zimene wanena, ngati mwana wa katekisimu. Ndinabwereza.

Mtima sunachedwe kudekha. Zina zinatenga nthawi. Pofika nyengo yopalira ndinali nditayamba kugona tulo, siketi inasiya kuzungulira, ndipo nshawa zinkalowa m'pepala zonse. Tsiku lina mvula inandinyowetsa ndikuchokera kumunda, ndinayamba kunjenjemera ndi kuzizira. Ndinaima pakhonde mano akugundana, ndikuseka ndekha, mwana wanga wamkulu n'kumandifunsa ngati ndili bwino.

Koma maso sanabwerere. Dokotala anali atanena kale kuti maso amayenda njira yawoyawo. Ankauma, ankayabwa ngati muli mchenga, ndipo fumbi la malole likadutsa misozi inkangotsika. Ndinkadonthezamo mankhwala ndi kugona mutu uli pamwamba pa mapilo awiri. Khosi nalo linali lotupabe. Ana a m'mudzi anandipatsa dzina loti kadzidzi, ndipo ankalinena mokweza ndikadutsa. Akuluakulu sankawaletsa.

Kutatsala pang'ono Pasaka, mkulu wa kwaya yathu anandiitanira pambali titamaliza kuphunzira nyimbo. Ndi bambo waulemu, ndipo ankaoneka kuti zimene akufuna kunena zikumulemera.

"Mayi, pa chikondwererochi kubwera alendo, ena azidzajambula. Tinaganiza kuti mwina muime mzere wakumbuyo. Ndipo ngati mungapeze kansalu kokulunga pakhosi, zingathandize. Ana ena akumachita mantha."

"Mawu anga mukuwafuna?" ndinamufunsa.

"Kwambiri. Palibe wina angatsogolere."

"Ndiye dziwani kuti amatulukira pakhosi pomwepa. Mukafuna mawu, mutenge ndi khosi lomwe."

Pa Pasaka ndinaima kutsogolo pa malo anga, nditavala bulauzi ya kwaya yopanda kolala ngati anzanga onse. Ndinaona anthu akugwedezana. Ndinaimba mpaka kumapeto, ndipo sindikukumbuka tsiku lina limene ndinaimba bwino kuposa limenelo.

Thonje litayamba kuphulika m'minda, ndinadzuka tsiku lina pakhosi pakuwawa ngati ndameza minga. Pofika chakumasana thupi linali moto, m'kamwa muli tizilonda. Amuna anga anali kumunda. Alamu anamva kwa ana kuti ndagona, ndipo anabwera ndi mandimu ndi uchi. Ngakhale tinkasemphana, matenda akagwa pakhomo sankakhala kwawo.

"Ndi chimfine ichi, chagwira mudzi wonse. Imwani izi mugone, mawa mudzuka."

"Ndikupita kuchipatala."

"Chimfine chomwechi? Mwazolowera chipatala ngati kumsika."

Sindinakangane nawo, poti ngakhale kulankhula kunkawawa. Ndinamanga chitenje n'kuyamba kuyenda kulowera kumsewu, ndikupuma pansi pa mtengo uliwonse. Nditacheuka ndinaona akubwera kumbuyo kwanga, akung'ung'udza, atanyamula bulangete langa.

Kuchipatala anatenga magazi mofulumira nditangotchula mankhwala amene ndinkamwa. Anandigoneka m'kachipinda kandekha, nandiika diripi ya mankhwala olimbana ndi tizilombo. Aliyense wolowa ankayenera kusamba m'manja ndi kutseka pakamwa ndi pamphuno. Namwino anafotokozera alamu pakhomo, ine ndikumva, kuti asilikali a m'magazi anga atsala ochepa kwambiri, moti ngakhale kachifuwa wamba kangathe kundipha.

Kwathu kuno mawu oti asilikali achepa amadziwika kuti amanenedwa pa matenda ati. Alamu anandiyang'ana ngati munthu amene wapeza mbuzi yake imene inasowa kalekale.

"Ndinanena ine," anatero chapansipansi.

Ndinatembenukira kukhoma.

Masiku amenewo ndinadwala kuposa nthawi ina iliyonse pa moyo wanga. Koma mankhwala aja atasiyidwa, asilikali anayamba kubwerera pang'onopang'ono, thupi linazizira, ndinayamba kumeza phala. Dokotala uja anabwera n'kukhala pampando pafupi ndi bedi.

"Mwachita bwino kubwera msanga. Koma mankhwala aja simudzamwanso moyo wanu wonse. Tsopano chithokomiro chilibe chochigwira, chiyambiranso kuthamanga. Njira zatsala ziwiri, zonse ku Lusaka. Pali mankhwala akumwa kamodzi amene amachifooketsa chili mkati, koma kwa munthu wa maso ngati anuwa angathe kuwonjezera vuto la masolo. Ina ndi opaleshoni, kuchichotsa."

"Inu mukanasankha iti?"

"Opaleshoni. Koma ndikuuzeni zonse. Pafupi ndi chithokomiro pamadutsa mtsempha wa mawu. Amausamala kwambiri, komabe nthawi zina mawu amasintha. Ndipo chikachoka, muzidzamwa piritsi tsiku lililonse mpaka kalekale, lolowa m'malo mwa timadzi tija."

Ndinamuuza kuti ndimaimba. Anagwedeza mutu, osandilonjeza kanthu.

Nditatuluka m'chipatala abale anasonkhana pakhomo pathu. Achimwene anga anabwera kuchokera kwathu cha ku Tamanda, kunalinso amalume a amuna anga. Onse anali mbali imodzi. Amalumewo anati munthu sadulidwa pakhosi ngati nkhuku. Achimwene anati anamva za wina amene sanadzuke. Alamu ndiwo ananena mawu amene anandilasa, chifukwa anali oona.

"Mankhwala awo omwewo ndi amene atsala pang'ono kukuphani. Lero mukufuna kuwapatsanso mpeni?"

Anati kuli bwino andiperekeze ku mapemphero a kuphiri, kumene ena amachira zotupa. Amuna anga ankafukula pansi ndi kamtengo. Kenako analankhula osandiyang'ana.

"Amake mwana, mukapanda kudzuka, anawa ndidzawauza chiyani?"

"Mudzawauze kuti amayi anu anapita ndi miyendo yawo, akufuna kukhala ndi moyo," ndinatero. "Ndamva zonse zimene mwanena, ndipo ndathokoza kuti mwabwera. Mankhwala aja anandipweteka, n'zoona, koma anali atandichenjeza, ndipo ndi chenjezo lomwelo limene landisunga. Ndikakhala chonchi, mtima uwu udzatopa, ndipo adzafe ndine, osati inu. Khosi ili ndi langa. Sindinakuitaneni kuti ndikupempheni chilolezo. Ndikukutsanzikani."

Amalume aja anaimirira n'kuvala chipewa. Msonkhano unathera pomwepo.

Ndisaname kuti ndinalibe mantha. Masana omwewo ndinapita kumunda wa nshawa ngati ndikukaona ngati zakhwima. Nditafika pakati pa munda ndinakhala pamzere n'kulira. Kenako ndinazula phata limodzi, ndinaona kuti zatsala pang'ono, n'kubwerera kunyumba kukachapa zovala za ulendo.

Amuna anga sakanatha kundiperekeza. Thonje linali loti litoledwe, ana anali pasukulu. Ndinali nditakonzeka kupita ndekha. M'mawa wa ulendowo, pokwerera mabasi m'tauni, ndinapeza alamu atakhala pa chikwama chawo.

"Ndikupita nanu," anatero. "Osati kuti ndagwirizana nazo. Koma anthu asadzanene kuti tinakutayani."

Tinakhala mpando umodzi ulendo wonse wa ku Lusaka, tsiku lathunthu, osalankhulana zambiri. Pa Luangwa basi itaima anatsika kukagula nthochi, nandipatsa.

Asanandichite opaleshoni anandikonzekeretsa kaye. Ankandipatsa timadontho towawa tosakaniza m'madzi ndi mapilitsi a mtima aja, kuti chithokomiro chidekhe pa tsikulo. Za opaleshoni yeniyeniyo ndikukumbuka nyali zowala ndi munthu wina akundifunsa mayina a ana anga. Ndinadzuka khosi lili lomangidwa, kapaipi kakutulutsa magazi pambali pa bala. Choyamba chimene ndinachita ndi kuyesa kulankhula. Panatuluka mpweya wokha.

Tsiku lotsatira milomo ndi nsonga za zala zinayamba kuchita dzanzi, ngati mukuyenda nyerere, kenako zala zinapindika zokha osatheka kuwongola. Alamu anathamanga kukaitana namwino. Iye anandigogoda patsaya ndi chala, mlomo n'kugwedezeka wokha. Anati kuseri kwa chithokomiro kuli tiziwalo tina ting'onoting'ono tosunga mchere wa mafupa m'magazi, ndipo tadzidzimuka ndi opaleshoni. Anandipatsa mankhwala pa diripi, kenako mapilitsi aakulu otafuna ngati choko. Zala zinamasuka. Mapilitsi amenewo ndinamwa kwa kanthawi, kenako anandisiyitsa.

Alamu ankandisambitsa, ankandimwetsa phala ndi supuni, ankagona pansi pafupi ndi bedi. Ankachita zonsezi akukalipa, kuti ndikanawamvera bwenzi ndili ndi mawu anga. Madokotala akamazungulira m'mawa ankatchera khutu kwambiri, ndipo tsiku lina anatsatira mmodzi mpaka pakhomo n'kumufunsa kanthu. Atabwerera anakhala pamphepete pa bedi, manja ali pamiyendo.

"Alamu, bwanji simunangondiuza nthawi yonse ija kuti mulibe kachilombo?"

Mawu anga anali a manong'onong'o, moti anachita kuweramira pafupi kuti amve.

"Ndikanakhala nako, mukanatani?"

Anatola mbale ndi supuni n'kupita kukatsuka. Sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere kuti apepese. Nkhaniyo sitinaikambenso mpaka lero.

Mawu anabwerera pang'onopang'ono titabwerera kumudzi, koma anabwera ena, otsika, okhakhala pang'ono. Ndinadikira kuti bala lipole bwinobwino ndisanapite ku kwaya. Tsiku limene ndinapita, anayambitsa nyimbo imene ndinaitsogolera zaka zambiri. Nditafika pokwera paja mawu anaduka. Ndinayesanso, anadukanso. Anzanga anayang'ana pansi. Mkulu wa kwaya anati tipume kaye, koma ine ndinati ayi, pitirizani, ndipo ndinachoka kutsogolo ndekha n'kukaima ndi azimayi oimba mawu apansi. Amene amatsogolera tsopano ndi mtsikana wina wa mawu abwino kwambiri, ndipo ndinamuphunzitsa ndine popumira m'nyimbo zazitali. Sindinena kuti sizindipweteka. Pali nyimbo zina zimene zikayamba ndimaluma mlomo. Koma ku kwaya sindinasiye, ndipo sindidzasiya.

Piritsi lija ndimamwa m'mawa uliwonse ndisanadye kanthu, n'kudikira kaye ndisanamwe tiyi. Poyamba mlingo wake unali wochepa, ndipo ndinaona mbali ina ya matendawa. Ndinanenepa, nkhope inatupa, khungu linauma, ndinkazizidwa ngakhale padzuwa, ndinkasinza pa malonda ndi kuiwala amene wanditumiza chiyani. Mnzanga wa zitumbuwa ndiye ankandigwedeza ogula akabwera. Atandiyezanso magazi anandiwonjezera mlingo, ndipo ndinabwerera mwakale. Mpaka pano ndimapita kukayezetsa nthawi ndi nthawi. Mnzangayo amati tsopano tafanana, aliyense ndi botolo lake, ndipo timakumbutsana.

Amuna anga anandifunsa tsiku lina moseka ngati madokotala anachotsa ndi ukali womwe. Ndinawauza kuti anachotsa wa khasu uja, ndipo pa umenewo ndinawapepesa. Koma zimene ndinanena pa njira yochokera ku kiliniki, pakhonde, kutchalitchi ndi pa msonkhano wa abale sizinali za chithokomiro. Anthu ena amafuna kuti ndinene kuti anali matenda, kuti tonse timasuke. Ndimawauza kuti ndikanazinenanso lero.

Mwezi wathawu ndinakwera minibasi kupita m'tauni kukatenga mapilitsi. Pafupi nane panakhala bambo wina wovala jekete, Baibulo lili m'manja. Anandiyang'ana m'maso, anayang'ana chipsera cha pakhosi, kenako anayamba kulankhula mokweza kuti onse amve.

"Mayi, ndikuona mzimu umene ukusuzumira m'maso mwanu. Lolani ndikupempherereni, utuluka lero."

Asanamalize anali atandiika kale dzanja pamphumi.

"Bambo, chotsani dzanja lanu," ndinatero.

"Si inu mukulankhula, mayi, ndi mzimuwo."

"Ndine. Amene akuyang'ana m'maso amenewa ndine, ndipo ndikukuonani bwinobwino. Kupemphera ndimapemphera, ndili ndi tchalitchi changa. Mukafuna kundipempherera, pempherani chamumtima kuti kuchipatala ndikapeze mankhwala alipo. Koma dzanjalo chotsani."

Analichotsa. Mayi wina kumbuyo anaseka, kondakitala anayang'ana panja. Bamboyo anatsegula Baibulo lake n'kumawerenga mpaka pamene anatsikira, osandiyang'ananso.

Kuchipatala mzere unali wautali, wokhota mpaka panja padzuwa. Ndinaima mpaka nthawi yanga inakwana. Mankhwala analipo. Nditatuluka ndinadutsira ku sitolo ina ya Asilamu kumene ndimagula nsalu, ndinasankha ya yunifolomu ya mwana wanga wamng'ono, amene watalika mwadzidzidzi chaka chino, kenako ndinakakwera minibasi yobwerera ku boda kuti ndikagulitseko dzuwa lisanapendeke.